Kalata Yoitana Malemu Akazi Anga

Olemekezeka mkulu wa chipatala chino, olemekezeka mayi woyang'anira labotale, madokotala ndi anamwino, ophunzira amene mwaima kumbuyoko, alamu anga amene mwakhala pafupi ndi khomo, amayi ndi abambo.

Ine si mlendo amene munamuitana. Kalata yanu inafika kunyumba kwanga mwezi watha, pa envulopu pali dzina la akazi anga. Inawapempha kuti adzatsegule chipinda chino, ndipo inawafunira thanzi labwino. Akazi angawo tinawaika m'manda zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Ine sukulu ndinalekeza panjira, choncho anandiwerengera ndi mwana wanga wamkazi. Ndi pamene ndinamva koyamba kuti chotupa cha khansa chimene munachotsa m'matumbo mwawo simunachitaye. Munatengako maselo, tizidutswa tamoyo ta chotupacho, mukuwadyetsa m'mabotolo, akuswana mpaka lero, ndipo mumayeserapo mankhwala. Tsiku la opareshoni ndikulikumbuka bwino. Namwino anabwera ndi pepala ali mothamanga, nati, "Amayi, dindani apa, adokotala akudikira." Akazi anga anafunsa kuti, "Palembedwa chiyani, mwanangu?" Iye anati, "Nzachizolowezi." Akazi anga anadinda chala. Ine ndinali pambali, nditawanyamulira nsapato.

M'mawa uno mayi woyang'anira anandiveka chovala choyera nandionetsa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ndinaona timadontho tothithikana ngati mazira a chule. Anandiuza kuti madzi ake amawasintha masiku atatu alionse, amasunga mabotolowo pofunda ngati m'thupi la munthu, ndipo m'mawa uliwonse wina amalemba m'buku mmene maselowo adzukira. Ndiye funso langa nali: nthenda mwaisamala chonchi zaka zonsezi, koma mwiniwake munalephera kufunsa ngati akali moyo?

Alamu anga ankati ndisabwere. Ankati ndilamule kuti mabotolowo akakwiriridwe pamene panagona mlongo wawo. Ayi, alamu, pamenepo sindikumverani. Mlongo wanu mumamudziwa, achipatala akanamufotokozera, iye akanati tengani, mwina mwana wa wina nkuchira. Chimene achipatala anamulanda si nyama ya m'mimba, koma mpata wonena yekha mawu amenewo.

Ntchito yanu sindikuinyoza. Ndikuthokoza dokotala amene anawachita opareshoni, chifukwa akazi anga anakhalanso ndi moyo chaka chathunthu mpaka kunyamula mdzukulu. Ndikuthokozanso inu ophunzira, amene mudzakalambira pa mabotolo amenewa mukufunafuna mankhwala amene ine sindidzawaona.

Koma riboni iyi sindidula msanga. Bwana mkulu, taimirirani. Musayang'ane mlembi wanu, yang'anani ine. Nenani pamaso pa anthuwa kuti kuyambira lero pepala lija lidziwerengedwa mokweza, m'chinenero cha wodwala, iye asanagonekedwe pa bedi la opareshoni, ndipo wofuna kukana adzakana osaopa kuti mumusiya ndi ululu. Ndidikira. Miyendo yanga inazolowera kuima pamzere wa chipatala chino.

Mwati muyesetsa? Kuyesetsa sindikukufuna. Nenani kuti zitero, ndipo kwezani mawu kuti a kumbuyo amve.

Eya. Mwamva nonse, ndipo mboni ndinu.

Lumo lanuli ndi lobuntha, komabe ladula. Ndikulengeza kuti chipinda chino chofufuzira khansa ya m'matumbo tsopano chatsegulidwa. Zikomo kwambiri.