Tambala wa Chinkhoswe M'bokosi la Njinga Yamoto

Moni nonse abale ndi alongo amene mumandiwerenga pano, Ambuye akusungeni. Ambiri mumandidziwa ndi zithunzi za njinga yanga yamoto ija, ndipo ena mwakhala mukufunsa kuti bwanji masiku ano ndili zii. Enanso ndikudziwa kuti munaona kavidiyo kaja ka bambo wa suti ali gada pamsewu mu Limbe, buluku litang'ambika kumbuyo. Musavutike ndi kunong'onezana, bamboyo ndi ine. Lero ndameza manyazi kuti ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kupha ukwati wa mwana wamasiye, mwana wa mchemwali wanga, ndi mmene Mulungu anandidzutsira pamsewu paja.

Mnyamatayo dzina lake ndi Limbani. Mayi ake anamwalira iye ali ku pulayimale, bambo ake anali atapita kale ku Joni osamvekanso. Ife a Namakhwa ndife ochepa. Agogo athu anachokera ku Mozambiki n'kudzakhazikika ku Manja, abale ena anatsala komweko ndipo sitikudziwana. Ndiye mwini mbumba ndine, ndekhandekha. Limbani anakulira m'nyumba mwanga, anaphunzira zamagetsi, anapeza ntchito, kenaka anapeza mtsikana dzina lake Tadala, wa ku Namiwawa, kunyumba za mipanda zija zimene umayamba wafunsidwa kaye ndi mlonda.

Nditapita kukafunsira mbeta, amalume ake a mtsikanayo, a Kalinde, anandilandira bwino ndithu. Koma sanandibisire kuti kwawoko ena akunyinyirika. Ankati mnyamatayo alibe anthu, ndiye mawa m'banja mukabuka nkhani, mwana wawo adzathamangira kwa ndani? A Kalinde anati, "A Namakhwa, nkhoswe ndinu. Tsiku la chinkhoswe anthu akuoneni ndi maso, pa nthawi yake. Mukapanda kuoneka, ine sindidzathanso kuwatseka pakamwa." Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinkaseka. Ine kuchedwa? Ndi njinga imene ija?

Ndikuuzeni za njingayo, chifukwa ndi pomwe panagona uchitsiru wanga. Si tinjinga ta kabaza iti ayi. Ndi chinjinga chachikulu cha maulendo ataliatali, chokhala ndi galasi lotchinga mphepo kutsogolo, koma chothamanga ngati za mpikisano. Ndinachigula kwa munthu wina amene anabwera nacho kuchokera ku Joni. Ndikachiliza pa Chichiri anthu amacheuka, ndipo ine kucheuka kwawoko kunkandikoma kuposa chakudya. Munthu akalakwitsa n'kundiimitsa ngati wakabaza, ndinkamuyankha mawu oti sindingawalembe pano, chonsecho Lamulungu ndimayimba nawo kwaya ya abambo.

Sabata ya chinkhoswe yomweyo ndi pamene anafika mabokosi awiri a m'mbali amene ndinaitanitsa kalekale, aja amamangidwa uku ndi uku kumbuyo kwa njinga kuti uziikamo katundu. Akuda, onyezimira, a loko. Lachisanu mayi a kunyumba anandikumbutsa kuti ndikagule tambala. Mukudziwa mwambo wake: ife akuchimuna timapereka tambala wamoyo, akuchikazi amatipatsa msoti, ndipo ukwati umamangidwa pamenepo pamaso pa anthu. Ndinati ndamva, koma tsiku lonse ndinathera pabwalo ndi sipanala. Mabulaketi ake, zitsulo zomangirira zija, sankagwirizana bwino ndi njinga yanga, ndiye ndinapinda apa, kuboola apo, kuwonjezera mabawuti, mpaka mabokosi anakhala. La kumanja ndinalitsitsa kuti lifanane ndi linzake, mpaka linatsala pang'ono kukhudza ekizozi. Nditamaliza ndinabwerera m'mbuyo n'kumaziyang'ana ngati ndabereka mwana. Tambala ndiye sanagulidwe.

Loweruka m'mawa mayi a kunyumba, Limbani, anzake ochepa ndi amayi awiri a kumpingo anakwera minibasi ya hayala kulowera ku Namiwawa. Mayi a kunyumba anandichonderera kuti tipitire limodzi, tambala tigula panjira. Ndinakana. Ndinkafuna kuti anthu a ku Namiwawa amve kaye kulira kwa injini pageti, adziwe kuti Limbani ali ndi amalume. Ndinawauza kuti atsogole, ine ndithamangira ku msika wa Limbe komwe kumapezeka atambala achikuda akuluakulu, ndipo ndikawapeza asanakhale n'komwe pansi.

Tambala ndinamupeza, wofiira, wa lipombo loimirira. Mayi wogulitsayo anandipatsa katoni kuti ndimange pampando wakumbuyo. Ine kumanga katoni ya nkhuku panjinga yanga, nditavala suti? Ndioneke ngati wakabaza? Ndinamuika m'bokosi la kumanja lija, n'kupanikiza kamtengo pachivindikiro kuti mpweya uzilowa, popeza kuboola bokosi latsopano ndinaona ngati tchimo.

Amene mumaidziwa Limbe Loweruka mukudziwa mmene galimoto zimathinirana. Ndinaima pamzere, dzuwa likuswa mtengo, injini ikuotcha miyendo. Tsono ife oyendetsa njinga tili ndi kayezedwe kathu. Ukaona mpata pakati pa galimoto ziwiri umayang'ana magalasi ako a kutsogolo, ndipo magalasi akadutsa ndiye kuti njinga yonse yadutsa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda choncho. Ndinaona mpata pakati pa minibasi ndi kalole koyera, magalasi anadutsa bwinobwino, ndinakoka moto. Ndinaiwala kuti kuyambira dzulo lake njinga yanga inali itanenepa kumbuyo.

Ndinangomva kuti khoo! Bokosi linakola chitseko cha kalole, njinga inapotoka, ine uyo pa tala. Bondo linapalika, buluku linang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka kuntchafu, foni m'thumba inaphwanyika. Koma abale, onani mtima wa munthu. Ndili chigonere pansi ndinayamba kukalipira dalaivala wa kalole kaja: "Mukuyendetsa bwanji inu? Laisensi munachita kutola?" Oitanira minibasi anafa nacho chikhakhali. Wina anakuwa kuti, "Bige, galimotoyi yangoima iyi, mwaipeza nokha!" Mafoni anali m'mwamba kundijambula.

Nditadzikoka n'kutsegula bokosi, tambala anali atafa. Kaya chinamupha ndi kugundako, kaya kutentha kwa ekizozi, sindikudziwa, koma bokosilo linali lotentha pansi ngati chiwaya. Ndinamutulutsa khosi lili lende, anthu n'kuyambanso kuseka.

Ndinakhala m'mphepete mwa ngalande, jekete nditamanga m'chiuno kubisa pong'ambika paja. Njinga inali itazima, ndipo kuidzutsa ndekha sindikanatha. Foni yafa, nambala ya mkazi wanga yemwe sindiidziwa pamtima. Mwini kalole anali ndi ufulu wonse woitana apolisi apamsewu, ndipo ndinadziwa kuti zikatero dzuwa likandilowera kupolisi. Ndinayamba kuona m'maganizo Limbani atakhala kutsogolo kwa anthu a ku Namiwawa, mpando wa nkhoswe uli wopanda munthu, azakhali a mtsikana akukodolana kuti suja tinanena. Mwana amene ndinamulera ndekha, lero ndamuvula pagulu chifukwa chofuna kuonetsa mabokosi. Bondo linkawawa, koma manyazi ankawawa kuposa bondolo.

Pemphero langa silinali lokongola. Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti, Ambuye, ine ndine chitsiru, mwaona nokha. Ngati n'kundilanga, mundilange mawa. Lero lokha musamulange Limbani chifukwa cha ine, mwanayu sanalakwe kanthu.

Nditadzutsa mutu, patsogolo panga panaima dalaivala uja ndinamunyozayu. Anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera, kachipewa kachisilamu kumutu. Anandiuza kuti ndi Che Ajasi a ku Mpingwe, amanyamula katundu wa m'mashopu. Ndinayembekezera kuti ayamba za chitseko chawo, chimene chinali chitakandika mzere wautali. Iwo anayang'ana tambala wakufa uja, anayang'ana suti yanga, n'kufunsa kuti, "Achimwene, nkhuku m'bokosi, suti m'thupi, mumapita kuti?" Ndinafotokoza zonse osawayang'ana kumaso. Anangoti, "Ndiye mukukhaliranji pansi? Chitseko tidzakamba tsiku lina. Dzukani."

Anaitana anyamata omwe aja ankandiseka, ndipo anainyamula njinga n'kuiponya m'kalole, akuseka chisekere. Tinapita kaye kwawo ku Mpingwe, pafupi pomwepo. Akazi awo, Abiti Sumani, sanafunse zambiri. Ananditsuka bondo ndi madzi a mchere, n'kumanga ndi kansalu koyera, ine ndikulumata mano ngati mwana. Ananditulutsira buluku la amuna awo, lomwe linandilekeza pamwamba pa akakolo chifukwa Che Ajasi ndi aafupi. Kenaka analowa m'khola n'kutuluka ndi tambala woyera, wamkulu kuposa wanga uja, amene ankasungira tsiku la Idi. Nditatchula za mtengo wake anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Ulendo wa ku Namiwawa ndinauyenda nditakhala kutsogolo kwa kalole, tambala ali pamiyendo. Kalole kake kokalamba, pachitunda kamachita kupempha. Njira yonse Che Ajasi sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo kusandinyozako kunkandipweteka kwambiri. Ndinapepesa za mawu anga aja. Anaseka n'kunena kuti munthu akagwa amayamba watukwana kaye, iwo anazolowera.

Pageti mlonda anatikaniza, ankayesa tabweretsa mipando ina. Nditatsika n'kulowa, ndinapeza zoimbira zazimitsidwa. Anthu anali m'matenti ali duu, ena atayamba kunyamula zikwama. Azakhali a mtsikana anali atawazungulira a Kalinde pakhonde, manja akulankhula. Mkazi wanga atandiona anagwira pakamwa. Limbani anali kutsogolo yekha, mutu uli pansi, ndipo sanadzutse maso ngakhale anthu atayamba kung'ung'udza.

Ndinayenda chotsimphina pakati pa anthu onse aja, buluku lolekeza m'miyendo, jekete lafumbi, tambala kukhwapa. Umu si mmene ndinkafunira kulowera ku Namiwawa. Nditafika kwa a Kalinde ndinagwada ndi bondo labwinolo. Panjira ndinali nditakonza bodza loti galimoto inandigunda, koma Che Ajasi anali ataima kumbuyo kwanga, ndiye bodzalo linandikanika. Ndinanena zoona, kuti ndachedwa chifukwa cha matama anga, ndipo ngati pali wolakwa ndi ine, osati mnyamatayo. A Kalinde analoza Che Ajasi n'kufunsa kuti awa ndi ndani. Ndinati ndi amene ndawagunda galimoto, ndipo tambalayu ndi wawo.

A Kalinde anayang'ana magazi amene anali atayamba kuonekera pabondo la buluku lobwereka. Kenaka anatembenukira kwa azakhali aja n'kunena kuti, "Mumafuna nkhoswe. Nayi yabwera, chokwawa." Kwa ine anati, "Dzukani a Namakhwa, tiyambe mwambo." Sindikunena kuti onse anakondwa ayi, zakhali mmodzi sanandipatse moni mpaka mapeto. Koma zoimbira zinayatsidwa, Tadala anatulutsidwa, amayi analuluta. Ndinapereka tambala, ndinalandira msoti. Che Ajasi anawapatsa mpando kumbali yathu, ndipo anakhala mpaka mwambo wa nkhuku utatha, n'kunyamuka kukasiya njinga yanga ku Manja.

Ndikuthokoza Mulungu, abale anga, chifukwa sanandiyankhe monga mwa ntchito zanga. Chithandizo anachiika m'manja mwa munthu yemwe ndinamuonongera galimoto n'kumutukwana, munthu woti sitipemphera nyumba imodzi. Che Ajasi ndi Abiti Sumani, Mulungu akudalitseni ndi ana anu omwe. Chitseko chija tinakakonzetsa, ndipo Che Ajasi anachita kukakamizidwa kuti avomere. Inu amene mwakhala m'mphepete mwa ngalande lero, pa vuto loti munalipala nokha, ndipo mukuchita manyazi ngakhale kupemphera, pempheranibe. Nenani zoona mmene zilili. Ine ndinapemphera buluku lili chong'ambika, ndipo ndinamvedwa.

Koma sindikufuna mutseke nkhaniyi mukuseka chabe, chifukwa ine sinandithere moseketsa. Anthu atayamba kubalalika, Limbani anandipeza kuseri kwa tenti ndikumasula kansalu ka pabondo. Ndinayamba kupepesa kuti ndinatsala pang'ono kumutayitsa mkazi. Anagwada, anandilanda kansaluko n'kuyamba kundimanga yekha, osandiyang'ana. Kenaka anati, "Amalume, za Tadala sindimaopa kwambiri, tikanadikira. Ine pampando paja ndimaganiza kuti nanunso mwandisiya."

Ndinangomugwira mutu, bambo wamkulu ndevu pepeya, n'kulira pamaso pa anthu ochotsa mipando.