Amene amatigalauzira munda chaka ndi chaka

Omvera anzanga, ine kwathu n'ku Bembeke. Chaka chilichonse banja lina la kutsidya kwa dambo limadzatigalauzira munda lisanakhudze wawo. Nditakula ndinafunsa bambo chifukwa chake.

"Agogo anga anali msilikali wa boma nkhondo yoyamba ya azungu isanabuke," anatero bambo. "Mnzawo anawombera mlimi m'munda, akuluakulu n'kulamula kuti onse azinena kuti malemuyo anali ndi mkondo. Agogo anatola khasu la mlimiyo, n'kukapatsa mkazi wake anthu akuona. Amvekere, 'Mayi, amuna anu anagwira ichi basi.' Akuluakulu aja anawakwapula agogowo ndi chikoti, ntchito n'kuthera pomwepo. Wowomberayo sanamukhudze."

Dzulo zidzukulu za mayi aja zinabweranso, makasu paphewa.