Gitala Yosalowa Madzi

Kuchigwa kuno munthu wanzeru zake amasonkhanitsa ng'ombe, mbuzi kapena maukonde. Koma a Hilario, kalaliki wa ku esiteti ya nzimbe, ankasonkhanitsa magitala akale n'kumawapachika pakhoma, ngakhale kuti zala zawo zinkadziwa cholembera chokha. Pa magitala onsewo, yapamtima inali ya malemu bambo awo, imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni.

Atamva kuti msodzi wina wa ku Nyachikadza, dzina lake Sebastiano, ali ndi gitala yofanana nayo, ananyamula ya bambo awoyo kuti akayerekeze. Analidi mapasa, ndipo anagwirizana kuti agula. Koma tsikulo mvula inagwa yosaona kutsogolo, Shire anakwiya, ndipo a Hilario anaopa kuwoloka ndi chuma chawo. Gitala ya bambo awoyo anaisiya kwa msodziyo ndi lamulo limodzi: "Magitala onse awiri musunge bwino. Chinyontho chisalowe ngakhale dontho." Loweruka lotsatira anatulukira atavala malaya oyera, oti ntchentche ikaterapo iterereke.

"Mwafika, bwana kalaliki. Takhuta, zikomo kwambiri pobwera. Anyamata a chipani padoko paja sanakuvuteni?"

"Kadi ya chipani ndili nayo. Tulutsani katundu, bambo, ndisachedwe."

A Sebastiano analowa m'nyumba. Anatuluka atanyamula chinthu chakuda bii, chonyezimira, atachifungatira ngati khanda lopita ku ubatizo. Anachigoneka pamphasa, n'kubwerera m'mbuyo kuti mlendo aone bwino.

"Ichi n'chiyani?"

"Gitala."

"Gitala yake iti yakuda chonchi?"

"Ya ku Joni. Sabata imodzi yokha mwaiiwala?"

A Hilario anachiyang'anitsitsa chinthucho. Sanafunse zambiri. Kwa iwo zinali zoonekeratu kuti gitala imene anabwera kudzagula yaphedwa, ndipo wopha wake anali akumwetulira. Chinawatonthoza n'chakuti ya bambo awo, m'maganizo mwawo, inali phee m'nyumbamo.

"Mwaipaka chiyani?"

"Phula. Lenileni, osati lachibwana. Ndinasungira mwadiya wanga, bwato langa lija likudontha kumbuyo, koma ndinati bwato liyambe ladikira."

"Anakutumani ndani?"

"Inu."

"Ine?"

"Munati chinyontho chisalowe ngakhale dontho. Munakweza ndi chala chomwe, chonchi." A Sebastiano anakweza chala.

"Ndinkatanthauza kuti muike pamalo pouma."

"Pouma?" Mkuluyo anayang'ana kumanja, kunali madzi. Anayang'ana kumanzere, kunali matope. "Bwana kalaliki, ku Nyachikadza kuno pouma ndi m'kamwa mwa munthu wodwala malungo basi."

A Hilario anawerama, manja ali kumbuyo kuopa malaya.

"Nanga bowo lili kuti?"

"Ee, mwaona eti? Ndatseka. Kachidutswa ka debe la palafini, timisomali, phula pamwamba. Amisiri a ku Joni ndi aulesi, bwana. Chinthu chokongola chonchi n'kuchisiya ndi bowo pamimba loti mkono ulowa."

"Bowo limenelo ndi lotulukira mawu."

"Potulukira mawu m'polowera madzi."

"Gitala si bwato, bambo."

"Nkhabe, ayi ndithu, si bwato. N'chifukwa chake nkhafi sindinaiikire."

A Hilario anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati ngati muli yankho, n'kuchivalanso.

"M'katimo munali kapepala. Kapepala komata, kolembedwa dzina la kampani imene inapanga."

"Kanalimo."

"Kadakalimo?"

"Pepala limaitana mphemvu. Ndinakamatula ndisanatseke."

"Ndipatseni. Kapepala kameneko ndiye umboni wonse."

A Sebastiano anakanda kumutu. "Kanali kofewa bwino, bwana. Kopyapyala."

"Ndiye?"

"Ndinapichira fodya."

"Mwasuta dzina la kampani?"

"Silinkamveka kukoma kwenikweni. Guluu anachuluka."

Kunali kotentha monga kumatenthera kuchigwa, koma thukuta limene linatuluka pamphumi pa a Hilario silinali la dzuwa. Analoza pansi pa nsambo, pamene zala za woimba zimakhudzakhudza.

"Apa panali poyera, pothetheka. Pamene zala zinadya thabwa kwa zaka ndi zaka."

"Litsiro lija? Musadandaule, linachoka. Mayi akunyumba, Anastazia, anakwecha ndi mchenga ndi chitsononkho. Anatha m'mawa wonse. Akuti mwini wake ankaimba osasamba m'manja."

"Nanga nsambo izi n'zachiyani?"

"Twayini wa ukonde. Sachita dzimbiri."

"Zakale zija zili kuti?"

"Ndinamangira mono. Dzulo wagwira milamba iwiri. Wina mudya masana ano."

"Sindidya."

"Ndi wonona."

"Ndati sindidya. Tamverani, bambo, ndikuphunzitseni. Gitala yakale imakoma ndi zipsera zake. Kung'aluka pang'ono, kuthetheka, dzimbiri, fungo la utsi. Ife odziwa sitigula thabwa ayi. Timagula ukalamba wake."

A Sebastiano anatsegula maso. Anasendera pafupi, n'kutsitsa mawu.

"Ukalamba mumagula?"

"Ndi umene uli ndi mtengo."

"Nanga osanena kale bwanji? Ine ndili nawo wochuluka. Msana uwu ukamadzuka umalira. Ndili ndi ukonde woti nsomba zimangodutsa n'kupereka moni. Anastazia ali ndi mphika wobooka wa amayi ake. Ndimuitane?"

"Sindikunena za miphika."

"Mphikawo ndi wakale kuposa gitalayi."

"Mphika suimba."

"Pyadidi, mwanena zoona, suimba. Ndiye inu mumaimba nyimbo zanji? Za ku Beira kapena za kutchalitchi?"

A Hilario anakhosomola. "Ine sindiimba."

"Amaimba ndi akazi anu?"

"Ayi."

"Ana?"

"Mwana wokhudza gitala yanga amagona ndi njala."

"Nanga amaimba ndani?"

"Palibe. Ndimapachika pakhoma."

"Ngati nsomba zowamba."

"Ngati zinthu zamtengo wapatali."

Msodziyo anasinkhasinkha moona mtima, pakuti sanali munthu wachipongwe. Kenako anafunsa mofatsa:

"Ndiye bwana, bowo lotulukira mawu mukulilirira chiyani, poti mawuwo satuluka?"

A Hilario anakweza mawu, monga amachitira munthu wamakani akapanikizidwa.

"Mwaononga chinthu, vomerani."

"Ndakonza chinthu. Ndinaiyesa."

"Munaiyesa bwanji? Munaimba?"

"Ndinaimangirira kubango, ndinaisiya pamadzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinaikapo ndi mwala pamwamba. Bakha wa aneba anakwerapo, anagona tulo. Nditaigwedeza pakhutu, zii. Ngakhale dontho, monga munanenera."

"Mayo ine."

"Taigwireni, bwana. Muitembenuze. Kuseri kwa mutu kuli malo ndinasiya osapaka."

"Sindigwira."

"Phula lauma."

"Malaya awa ndi oyera."

"Ndinasiya dala pamenepo. Ndinati ndikapaka, mwina mukwiya."

"Ndakwiya kale. Ndakwiya kutsogolo, kumbuyo, ndi m'mbali momwe. Chinthu ichi sindichifuna."

A Sebastiano anagwira pakamwa.

"Mukuikana?"

"Ndikuikana."

"Pamaso panga?"

"Pamaso panu, pamaso pa a Anastazia, ndi pamaso pa bakha wa aneba."

"Anthu a kumtunda muli ndi mitima yolimba. Ine ngakhale nkhafi yothyoka ya malemu bambo anga ndimasunga padenga."

"Zimenezo n'zanu. Musandinyengerere, sinditenga."

"Ndiye ndichite nayo chiyani?"

"Chilichonse. Muwotchere nsomba."

"Phula limanunkhitsa nsomba."

"Ndiye itayeni mu Shire."

"Mu Shire?"

"Mu Shire."

"Shire weniweniyu?"

"Kodi alipo wina?"

"Bwana kalaliki, ndikufunsanso, kuti mawa musadzati Sebastiano anamva zake. Mawu amenewa akuchokera mumtima?"

"Akuchokera pansi pa mtima. Poti mwaisandutsa bwato, ipite kwa anzake."

Mkuluyo anapukusa mutu mwachisoni. Ananyamula gitala ija, anatsetsereka kugombe, kumene kunali pafupi ngati khonde, analowa m'madzi mpaka m'mawondo. Sanaiponye ayi. Anaigoneka pamadzi mwaulemu, n'kuikankha pang'ono ndi phazi. Inazungulira kamodzi ngati ikutsanzika, madzi othamanga anailandira, n'kuyamba nayo ulendo wakumunsi, kwa Apwitikizi.

A Hilario anaonerera manja ali m'chiuno. Kunena zoona, mtima unawaphwa. Anamva kukoma kumene amamva kalaliki akabweza munthu wobwera mochedwa.

"Mwaona?" anatero a Sebastiano akutuluka m'madzi. "Ngakhale kupendekeka."

"Ndaona. Nkhani ya malonda yathera pomwepa. Tsopano ndipatseni yanga ija, ya bambo, ndizipita."

A Sebastiano anawayang'ana. Anayang'ana kumtsinje. Anawayang'ananso.

"Yanu iti?"

"Imene ndinakusungitsani."

Mkuluyo analoza ndi mlomo kumunsi, kumene kadontho kakuda kankanyezimira pakati pa namasupuni.

"Si imeneyo ikupita apoyo."

"Musaseke nane, bambo."

"Ine ndi mlendo sindiseka. Cha mlendo chimayamba. Ndikanayamba kumata yanga, mukanati Sebastiano ndi wodzikonda. Yanga ili padenga, mmene munaionera muja, ndi bowo lake, ndi litsiro lake. Phula linathera pa yanu."

"Ya bambo anga?"

"Dzina lawo lija anakanda ndi msomali kuseri kwa mutu ndi limene ndinasiya osapaka. Ndinati muitembenuze. Munati malaya."

"Bwanji simunanene kuti ndi yanga?"

"Munthu amachita kuuzidwa kuti mwana uyu ndi wako? Simunafunse, bwana. Ine ndinafunsa katatu."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma a Hilario analibe nthawi ya miyambi. Anaona bambo awo atakhala pakhonde, malaya atavula, zala zikudya thabwa pamalo pomwe paja a Anastazia anakwecha ndi mchenga. Bambowo sanasiye ng'ombe, sanasiye munda, sanasiye ndi chithunzi chomwe. Anasiya gitala yokhayo, ndipo mwana wawo anali atangoilamula kuti ipite kwa anzake. Chisoni chinawagwira, manyazi n'kubwera pambuyo.

Sanavule nsapato. Anathamangira kugombe, anatitimira m'matope, anagwa chafufumimba, anadzuka malaya atafanana ndi gitala ija, n'kudzigwetsera m'bwato.

"Palasani!"

"Tikupita kuti?"

"Kukaitenga."

"Munati nditaye."

"Tsopano ndikuti mutole."

"Ndiye mawu ake ndigwire ati? Oyamba aja munati achokera pansi pa mtima."

"Awa achokera pansi penipeni. Kwerani, chonde, bambo anga."

A Sebastiano anakwera mosapupuluma, anaika nkhafi m'madzi. Atangopalasa pang'ono, madzi anayamba kulowa kumbuyo kwa bwato. Anapatsa a Hilario chikho.

"Kapani, bwana. Ndinakuuzani kuti phula la bwatoli linapita kwina."

A Hilario anakapa ngati munthu wolipidwa.

"Fulumirani. Ikutisiya."

"Ndi yopepuka, ilibe katundu. Ife tili ndi inu. Ikadutsa bango lalitali ilo ndiye kuti yalowa kwa Apwitikizi. Ilibe chiphaso, ilibe kadi ya chipani, ndi pepala lake lija ndinasuta. Asilikali akaifunsa kwawo, sindikudziwa kuti iyankha chiyani, poti pakamwa ndinatseka."

"Palasani, osayankhula."

Kutsogoloko madzi anali akuwinduka pamene mitsinje iwiri ya m'dambo imakumana. Gitala ija inalowa m'menemo, inamira mutu, inasowa. A Hilario anasiya kukapa. Kenako inatumphuka, yakuda, yonyezimira, ikuyandama monyada.

A Hilario anatembenuka pang'onopang'ono, matope akudontha kuchibwano, n'kufunsa ndi mawu aang'ono, a munthu wopempha mchere kwa mnansi amene anamutukwana dzulo:

"A Sebastiano, bowo lija munalitseka bwinobwino, eti?"