A Evans Zangaphee ndi Kabokosi Kawo Koimba

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1986 ku Zingalume, mwana wachitatu wa a Whiteson Zangaphee ndi mayi Fyness, ndipo anawatcha Evans. Anayamba sukulu mu 1993 n'kumaliza giredi 12 mu 2005. Aphunzitsi awo amene muli pano mukukumbukira kuti desiki lililonse limene anakhalapo linkasanduka ng'oma.

Mu 2007 anapita ku Lusaka, kumene analowa ntchito mu situdiyo ya nyimbo za hipihopu. Kumeneko anaphunzira sampula, kabokosi kosaposa buku la nyimbo, kamene kamajambula phokoso lililonse n'kulibwereza munthu akadina mabatani.

Mu 2012 anamanga ukwati mu mpingo wa Reformed ndi mayi Lonia a ku Zemba, n'kukhazikika kumudzi. Bambo awo a Whiteson, mkulu wa mpingo, anadandaula kuti mwana wabwera ndi chidole m'malo mwa khasu. M'mawa malemu ankalima thonje, masana ankakulunga sampula m'chitenje, n'kukwera njinga kukajambula misi ya amayi pamtondo, kulira kwa ngolo, ngakhale phwete la osenda nsawa. Tsiku lina ku Mlolo anajambula ng'oma za Gule. Eni ake atakana, anafufuta pamaso pawo n'kupepesa, ndipo sanabwerezenso.

Pa 24 Okotobala 2016, pa chikondwerero cha ufulu pa boma, magetsi anazima dzuwa lili paliwombo. Oimba ochokera kutali anangoti kakasi, anthu n'kuyamba kumwazikana. Malemu analumikiza sampula ndi sipika ku batire ya galimoto, zala n'kuyamba kuthamanga pa mabatani, oimba a kwathu kuno akulakatula pamwamba pake. Anthu anabwerera. A Whiteson, ataima kumbuyo, anazindikira kulira kwa ngolo yawo m'nyimbomo. Sabata yonseyo ankauza aliyense kuti ngolo yawo yaimba pa boma, ndipo mpaka kumwalira kwawo mu 2020 sanatchulenso za chidole.

Mu 2023 malemu anapezeka ndi matenda a impso, ndipo ankalandira thandizo ku chipatala cha ku Chipata. Zala zitatupa, ankadina ndi chala chimodzi mpaka anamaliza nyimbo za oimba asanu amene anawalonjeza. Yomaliza anaimvetsera kawiri, nati yakoma. Anatisiya pa 3 Juni 2025, ali ndi zaka 39.

Asiya mayi Lonia, ana awiri, Thokozile ndi Mwayi, mayi awo owabereka, ndi alongo atatu. Tikuthokoza anamwino, amayi a chigwirizano amene sanatope kudwazika, adzukulu okumba manda, ndi inu oimba amene mwayenda wapansi kuchokera ku Mlolo.

A Evans, zaka zinali zochepa, koma munazidya mokoma, ndipo ife tinadya nanu. Usani mumtendere.