Mlatho Wobisika M'chifunga

Pa siteji ya basi ku San Francisco, Mayi Loretta Fong anayang'ana bambo wovala kabudula amene anagwira dzanja la gogo wonjenjemera ndi kuzizira.

"Bambo, mwachokera kotentha, eti?"

"Ku Phoenix, mayi. Ndabwera ndi amayi angawa kuti adzaone mlatho wa Golden Gate. Adokotala akuti maso awo akutha. Tapitako kawiri, koma chifunga chokhachokha, ndipo mawa tikubwerera."

"Mumapita nthawi yanji?"

"M'mamawa, kuthawa chigulu cha anthu."

"Mwathawa anthu, mwathawanso mlatho. Mwezi uno chifunga chimachoka masana, chikafuna."

"Nanga chikapanda kufuna?"

"Inu mumakaima pati?"

"Pamene onse amajambulira zithunzi."

"Zithunzi n'za inu amaso. Kwerani basi ikubwerayi, mukayende nawo pamlatho penipenipo. Akagwire chitsulo chofiiracho, akachimve chikunjenjemera magalimoto akamadutsa. Akamvenso lipenga lochenjeza sitima zapamadzi m'chifunga likulira pansi pawo."

Gogo uja anamwetulira. "Kuli lipenga? Sunandiuze, mwanawe."

"Sakulidziwa, agogo. Koma bambo inu, muyambe mwawagulira jekete. Munthu wamkulu musamayende naye chonchi."