Mchira wa Samal, Hatchi ya Malemu Meirkhan Kaliyev

Malemu Bambo Meirkhan Kaliyev anabadwa pa 14 Malichi 1951 m'mudzi uno wa Akbulak, kwa bambo Kali ndi mayi Zeinep. Anali oyamba mwa ana anayi. Ine amene ndaima pano ndine Bolat, mng'ono wawo wotsiriza. Achinyamata simukundidziwa chifukwa ndakhala ku Jeremani zaka makumi atatu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo ndiiwerenga mmene ilili. Nkhani ya hatchi yawo Samal, imene ena afika ndi mpeni kuti aidule mchira lero, ndiifikanso. Mpeniwo ubadikira.

Sukulu anayamba mu 1958 konkuno, namaliza mu 1968. Sukulu yawo yeniyeni inali kudambo. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anali atalowa kale m'kokpar, masewera athu a pa mahatchi, akulimbirana mbuzi yakufa ndi amuna a ndevu. Bambo athu anawaphunzitsa mmene tonse tinaphunzirira: koka zingwe mpaka hatchi itadziwa mwini wake.

Atachoka ku usilikali mu 1971 analembedwa ntchito pa famu ya boma yoweta mahatchi, ija makola ake mukuwaona opanda denga kuseri kwa mzikiti. Kumeneko anakumana ndi mphunzitsi wachirasha, mayi Vera Lvovna. Mayiwo atawaona akukwera anati, "Miyendo ndi yabwino, mwana wanga, koma manjawo ndi a munthu wozula chitsa." Anachotsa zomangira za zingwe, nalumikiza zingwezo ku chitsulo cha m'kamwa ndi ulusi wosokera. Ulusi ukaduka, tsika, kamange wina. Miyezi yoyamba malemu ankakhala pansi kuposa pachishalo, ndipo mayi athu ankabisa ulusi wawo pansi pa pilo. Panatha zaka ziwiri kuti manja a kokpar aphunzire kupempha hatchi m'malo moilamula.

Popeza ambiri mwakhala nawo zaka makumi asanu mukungoti "amavinitsa mahatchi," ndiloleni ndinene chimene ankachita. Munthu ndi hatchi amalowa m'bwalo la mchenga lokhala ndi zilembo m'mbali, nachita mayendedwe oikidwiratu, oweruza akupereka malikisi pa chilichonse. Hatchi ipondeponde pamalo amodzi osapita patsogolo. Izungulire pa miyendo yakumbuyo ili chithamangire. Isinthe mwendo wotsogola pa kulumpha kulikonse. Ndipo woonera asaone pamene wokwerayo wapempha. Kuti hatchi ifike pamenepo pamatha zaka zosachepera zisanu ndi zitatu. Kuidya ndi tsiku limodzi.

Pa 21 Ogasiti 1976 anakwatira mayi Raushan Omarova, namwino wa pachipatala chaching'ono cha pafamu. Mayi Raushan amanena kuti pa tsiku la ukwati mkwati anasowa, nakapezeka kukhola akuona chiboda cha hatchi. Anadziwa tsiku lomwelo kuti akwatiwa pa mitala. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 1984 anapita ku Moscow ku mpikisano wosankha okwera oimira dziko, ali pa hatchi yamphongo dzina lake Altyn. Ndinali pomwepo. Zovuta zonse zinayenda bwino, moti pa kupondaponda pamalo amodzi anapatsidwa malikisi asanu ndi atatu mwa khumi, chinthu chosowa kwa munthu wochokera kumudzi ngati uno. Kenaka inafika nthawi yongoyenda, kuyenda wamba, zingwe zitatayidwa. Malikisi a pamenepo amawerengedwa kawiri. Altyn, magazi ali otentha, anayamba kudumphadumpha. Anapatsidwa anayi. Ankatenga anthu asanu ndi mmodzi, iwo anakhala achisanu ndi chiwiri. M'sitima pobwerera ine ndinatukwana oweruza kuyambira ku Moscow mpaka ku Aktobe. Malemu anangoti, "Bolat, iwe umawerenga mabuku ambiri, nchifukwa chake wolakwa amakhala wina nthawi zonse. Ndinaphunzitsa hatchi kuvina, ndinaiwala kuiphunzitsa kuyenda." Mwayi umenewo sunabwererenso.

Mu 1994 famu inagwa. Mahatchi amene makolo awo analembedwa m'mabuku kuyambira kale anakwezedwa pa sikelo ngati mbatata, napita kwa ogulitsa nyama. Ena mwa okweza m'malole muli pano, ndipo sindikumbuka wina akunena za mwambo tsiku limenelo. Chaka chomwecho ine ndinanyamuka. Malemu anatsala. Analandira hatchi imodzi yaikazi m'malo mwa malipiro, nayamba kuyendetsa basi ya ku Merke. Kuseri kwa nyumba ino anasalaza malo ndi fosholo, nalemba zilembo pa zidebe zakale za penti. Ndinkawaimbira foni kuwauza za mabwalo a denga a ku Jeremani, otenthetsedwa m'nyengo yozizira, kuti abwere. Ankandiyankha kuti, "Mahatchi akwanuwo ndi aakulu ngati makabati. Ndikagwa pamenepo andinyamula ndani?"

Samal anabadwa mu Epulo 2010, mdzukulu wa hatchi yaikazi ija. Malemu anamuphunzitsa okha, ndipo msana utayamba kuwakana anakwezapo mdzukulu wawo Inzhu, wobadwa kwa mwana wawo Daniyar. Naye anayamba ndi ulusi. Oyandikana nafe mukudziwa mawu amene ankamveka m'mawa uliwonse. "Inzhu, ngodyayo siluma, lowamo!" Kapena, "Chilembo chikhale pa bondo lako, osati pa mphuno ya hatchi." Pozungulira pa miyendo yakumbuyo ankati, "Ukuthamangira kuti, mwana wanga? Tiyi sakuthawa." Ndipo tsiku lililonse, zovuta zikatha, ankayendetsa hatchiyo kuyenda wamba mpaka Inzhu atatopa nako. Ankaphunzitsanso kuti woweruza wodziwa ntchito amayang'ana mchira: ukamagwedezeka mofatsa, msana uli womasuka ndipo hatchi ikugwira ntchito mokondwa, ukamakwapula, wokwerayo akunama.

Mu Novembala 2023 anadwala matenda ofa ziwalo, dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinaleka kugwira ntchito. Atatuluka m'chipatala anauza ana awo kuti awaikire mpando pambali pa bwalo. Lilime linali lolemera, choncho ankamenya chidebe ndi ndodo: kamodzi ndiye kuti zili bwino, kawiri bwereza. Inzhu akuti kamodzi ankakumva mwa apo ndi apo. Mu Juni chaka chino, ku Almaty, Inzhu ndi Samal anapeza malikisi amene malemu sanawapezepo moyo wawo wonse, ndipo pa kuyenda wamba anapatsidwa asanu ndi atatu. Atawauza, malemu anangoti, "Ngodya." Mwezi wamawa kuli mpikisano wosankha oimira dziko, ndipo dzina la Inzhu lilipo. Matenda anabwereranso pa 6 Okutobala, ndipo pa 8 Okutobala 2024 malemu anatisiya ku chipatala cha boma, ali ndi zaka 73.

Tsopano za mpeni. Mwambo tonse tikuudziwa. Hatchi ya mwamuna womwalira imadulidwa mchira, imamasulidwa, chaka chathunthu osakwerapo munthu, ndipo pa sadaka ya chaka imaphedwa, anthu nkudya. Dzulo masana msuweni wathu Sabyr-aga ndi akuluakulu ena anati malemu anali munthu wa hatchi, ayenera ulemu umenewu. Nditayankha anati, "Iwe Mjeremani khala pansi, za kuno unaziiwala." Mwina. Koma ndikukumbuka kuti mwambowu tinauchita komaliza pa agogo athu mu 1963, ndipo sunamvekenso mpaka anthu atagula mafoni ojambula. Ndabwerera kumudzi kumene mwana sadziwa kumanga chishalo, koma aliyense akudziwa mmene nyama ya hatchi imakomera. Samal ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mukamusiya chaka osagwira ntchito, minofu imene malemu anaimanga siibweranso, ndipo musafunsenso za mpikisano. Ulemu wake ndi wotani wodya ntchito ya munthu ya zaka makumi asanu pa mbale imodzi?

Koma ine ndine wongolankhula. Mwini nkhani ndi mayi Raushan, ndipo andituma kuti ndinene izi. M'mawa uno anapita okha kukhola ndi lumo lawo la unamwino, nadula tsitsi la mchira wa Samal lokwana kukulunga pa chala. Ali nalo m'kansalu koyera, ndipo alipereka kwa Sabyr-aga tikabwerako kumanda. Mchira wadulidwa, mwambo walandira gawo lake. Pa sadaka ya chaka ana adzagula hatchi ina yonenepa, palibe adzachoke ndi njala. Mawu awo enieni ndi awa: "Ndakhala pa mitala ndi mahatchi a bambo awa moyo wanga wonse. Mkazi mnzanga wotsalayu sindimudya." Mawa m'mawa Inzhu akwera monga mwa masiku onse. Ofuna kutsutsa akalankhule ndi mayiwo. Ine sindikuwalangiza kutero.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Raushan. Ana atatu, Daniyar, Saltanat ndi Nurzhan. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Alongo awo awiri, mayi Kulyash ndi mayi Maira. Ndi ine mng'ono wawo.

Banja likuthokoza a Imamu, anamwino amene anawasamalira, anyamata okumba manda, amayi amene aphika kuyambira dzana, anzawo oyendetsa mabasi amene abwera kuchokera ku Merke, ndi a Yermek oyandikana nafe amene chaka chonse ankanyamula mpando wa malemu kupita nawo kubwalo. Tikuthokozanso Sabyr-aga chifukwa chobwezera mpeni m'chimake.

Malemu ankaphunzitsa kuti mayendedwe onse akatha, hatchi iime pakati pa bwalo, miyendo inayi italingana, osagwedezeka, wokwerayo apereke ulemu, ndipo asafulumire kuyang'ana malikisi. Achimwene, mwaima. Woweruza wanu tsopano ndi Mmodzi, ndipo ameneyo amaona ndi ngodya zomwe. Mulungu awakhululukire, awalandire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.