Kofiira ka Mipando Iwiri ku Vubwi

Zaka zija ufulu udakali wachilendo, inu ana, magalimoto a m'Katete muno tinkawadziwa ndi kulira kwake, osati lero angochuluka ngati nyerere. Bambo anga anali ndi yawo yotuwa, yamsana wautali, imene inkatinyamula tonse, matumba a mtedza pamwamba ndi mbuzi kumbuyo, koma kuti ilire m'mawa mumayenera muyambe mwaikankha. Ndipo mnzanga Yusufu, mwana wa mwini sitolo pamsewu waukulu, anali ndi kofiira kopanda denga, kamipando iwiri, kakafupi koti ukhoza kugwira pansi uli khale m'katimo. Aa, kanali kokongola! Kakanyamuka ku Sinda, usanamalize kupichira fodya kafika kuno. Mpaka lero ndikakakumbukira mtima umandidumpha.

Nthawiyo ndinali pachikamwini ku Vubwi, kwawo kwa agogo anu aNaphiri, zaka zitatu ndikulimira apongozi. Nditapeza ntchito kuno ndinafuna chitengwa, ndiko kupempha kuti mkazi ndimutenge tikakhale kwathu, ndipo wololeza anali atsibweni ake, aZuze. Akanakana, ndikanasiya chimodzi, ntchito kapena mkazi.

Mwa nzeru zangazi ndinati ndikaonetse kuti ndine munthu tsopano, ndiye ndinabwereka kofiira kaja. Musaseke! AZuze anakazungulira kawiri, nakasisita ndi chikhatho.

"Kabwino zedi, mkamwini. Mipando ingati?"

"Iwiri, atsibweni."

"Inu ndi mkazi wanu. Nanga mwana? Nanga mlongo wangayu akafuna kukaona mdzukulu, adzakwera patayala? Mwabwera kudzatenga munthu kapena kudzamuzula?"

Anakana pomwepo, ndipo ndinabwerera ndekha, liwiro lonse lija osalimva kukoma, misozi ikuuma ndi mphepo.

Bambo atamva sanandikalipire, anangoti Loweruka ndithire madzi m'galimoto yawo tipite. Titafika anangotsegula zitseko zonse zinayi n'kuzisiya choncho. AZuze anasuzumira m'kati nati, "Tiyeni tikaone kumene akufuna kupita naye." Analowa apongozi, aNaphiri ndi mwana, azakhali awiri, nkhuku m'dengu, mtondo pamwamba, aZuze kutsogolo. Galimoto ija inakana kulira, monga mwa khalidwe lake, ndipo mudzi wonse unaikankha ukuseka, ine manyazi atandigwira.

Inayenda pang'onopang'ono, ikubuula pazitunda, koma sinatsitse munthu ndi mmodzi yemwe. Tikuyandikira Katete, aZuze anaomba chitseko ndi dzanja nati, "Iyi ikhoza kumubweretsa kwathu pamaliro ndi ana ake onse. Mutengeni."

Ndiye inu anyamata, zothamangazo zikondeni, nanenso ndimazikonda ndithu. Koma tsiku lokapempha mwana wa eni, muyambe mwawerenga abale ake, chifukwa iwo adzawerenga mipando yanu.